Walira mvula walira matope: phunziro la kutuluka kwa Britain mu European Union

Pa 31 Januwale 2020, nthawi ili 11 koloko usiku, dziko la Britain lidatuluka m'bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union, momwe lidakhalamo kwa zaka 47. Patangotha zaka zisanu, pa 29 Januwale 2025, maiko a Mali, Burkina Faso ndi Niger nawo adatsanzika bungwe la ECOWAS la kuzambwe kwa Africa. Nkhani ziwirizi n'zosiyana pa zambiri, koma funso lomwe lagona pansi pake ndi limodzi, ndipo ndi lakale monga mudzi: kodi munthu akatopa ndi malamulo a gulu, nzeru n'kutuluka, kapena n'kupirira n'kumakonza zinthu ali m'kati momwemo? Lero, awerengi okondedwa, tiyeni tikhale pansi tisinkhesinkhe za Britain, popeza mtengo womwe adaubzala kumeneko wakula mokwanira kuti zipatso zake tizione ndi maso.

Tiyambe ndi kukumbukira chomwe chidabala mgwirizanowo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mizinda yambiri ya ku Ulaya idali mabwinja. France ndi Germany adali atakhetsana magazi katatu m'zaka 75 zokha. Mu 1950 nduna yoona za maubale ndi maiko ena ya France, Robert Schuman, idabweretsa ganizo loti malasha ndi chitsulo, zomwe ndizo zipangizo zosulira zida za nkhondo, ziziyang'aniridwa pamodzi kuti pasapezeke wonola mpeni mnzake osadziwa. Maiko asanu ndi limodzi, France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, adavomera mu 1951, ndipo mu 1957 adasainirana pangano la ku Rome lotsegulirana misika. Tisaiwale mfundo imeneyi: malonda adali njira, koma komwe ankalowera kudali ku mtendere.

Britain poyamba idaima patali. Itasintha maganizo n'kugogoda pakhomo, mtsogoleri wa France, Charles de Gaulle, adaikaniza kawiri, mu 1963 ndi mu 1967. Idaloledwa kulowa mu 1973, ndipo pa riferendamu ya mu 1975 anthu awiri mwa atatu alionse adavomereza kukhalabe. Komabe m'zaka zonsezo Britain idakhala ngati mkamwini amene akulima munda wa kwa mkazi wake mtima uli kwawo. Mu 1984 Margaret Thatcher adakakamira mpaka adamubwezerako gawo la zopereka za dziko lake chaka ndi chaka. Anzake atayamba kugwiritsa ntchito ndalama imodzi ya euro, Britain idasunga paundi yake. Anzake atachotsa zipata zoonera mapasipoti pakati pawo, iyo idasunga zake.

Tisafulumire kunena kuti ofuna kutuluka adali opanda mutu. Madandaulo awo adali atatu, ndipo lililonse lidali ndi pogwira. Loyamba lidali la ufulu wodzilamulira. Malamulo ambiri okhudza malonda, ulimi, usodzi ndi ntchito ankachokera ku Brussels, ndipo pakakhala kusamvana pa malamulowo, mawu omaliza adali a khoti la ku Luxembourg. Iwo ankafunsa kuti: munthu amene sitidamusankhe, ndipo sitingamuchotse ndi voti yathu, atilamulira bwanji? Lachiwiri lidali la ndalama, pakuti Britain inkapereka ku thumba la bungwelo zochuluka kuposa zomwe inkalandira. Lachitatu, lomwe lidali lotentha kuposa onse, lidali la alendo. Mu 2004 maiko khumi adalowa m'bungwelo, ambiri mwa iwo a kuvuma kwa Ulaya monga Poland, ndipo Britain idatsegula khomo la ntchito nthawi yomweyo. Anthu adabwera ochuluka kuposa momwe boma lidayembekezera. M'matauni a kumpoto kwa England, komwe migodi ya malasha ndi mafakitale zidatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, ndi komwe boma lidachepetsanso chithandizo kuyambira mu 2010, anthu adaona kuti chuma chikusefukira ku London pamene iwo aiwalika.

Ofuna kukhalabe nawo adali ndi zawo zomveka. Pafupifupi theka la malonda onse omwe Britain inkagulitsa kunja linkapita ku maiko a m'bungwelo, msika wa anthu 500 miliyoni, popanda msonkho, popanda makalata a kasitomu, popanda kuima pamalire. Fakitale yopanga galimoto ku Sunderland inkalandira zitsulo kuchokera kutsidya kwa nyanja tsiku lomwe ikuzifuna, ngati zikuchokera kuseri kwa mpanda. Ankanenanso kuti Britain sidali kapolo wongolandira malamulo, chifukwa idali ndi aphungu 73 m'nyumba ya malamulo ya bungwelo, nduna zake zinkakhala nawo pabwalo lopanga mfundo, ndipo pa nkhani zina zikuluzikulu monga misonkho idali ndi mphamvu yokana yokha, zonse n'kuima. Chenjezo lawo lidali lakuti ukatuluka, udzatsatabe malamulo a msikawo ngati ufuna kugulitsako katundu, kusiyana kwake n'kwakuti sudzakhalanso nawo powapanga.

Mtsutso woterewu ukadayenera kuchitika modekha, koma sizidatero. Ofuna kutuluka adalemba pabasi yofiira kuti dziko limatumiza mapaundi 350 miliyoni sabata iliyonse ku bungwelo, ndipo ndalamazo zikadathandiza zipatala. Bungwe loyang'anira ziwerengero za boma lidachenjeza poyera kuti nambalayo inkasocheretsa anthu, chifukwa siinkachotsera zomwe zinkabwezedwa ndi zomwe zinkabwerera kwa alimi ndi kumadera osauka. Zonsezo zikachotsedwa, ndalama yeniyeni inkatsala pafupifupi theka. Mbali inayo nayo idaopseza mopyola. Unduna wa zachuma udalosera kuti anthu akangovotera kutuluka, chuma chigwa nthawi yomweyo ndipo anthu 500,000 achotsedwa ntchito, zomwe sizidachitike. Mkwiyo udakula kufikira kuti pa 16 Juni 2016, kutatsala sabata imodzi kuti anthu aponye voti, phungu Jo Cox, mayi wa ana awiri amene ankalimbikitsa kukhalabe, adaphedwa pamsewu m'dera lake lomwe.

Pa 23 Juni 2016 anthu 17.4 miliyoni adavotera kutuluka, pamene 16.1 miliyoni adati tikhalebe. Ndiye kuti 52 mwa anthu 100 alionse mbali iyi, 48 mbali inayo. England ndi Wales adasankha kutuluka. Scotland idakana ndi mavoti 62 pa 100, Northern Ireland idakana ndi 56 pa 100, ndipo mzinda wa London nawo udakana. Achinyamata ambiri adafuna kukhala, achikulire ambiri adafuna kutuluka. Mng'alu udadutsa pakati pa mabanja, kholo uku mwana uko. Nduna yaikulu David Cameron, amene adaitanitsa riferendamuyo poganiza kuti atseka pakamwa otsutsa a m'chipani chake, adalengeza kutula pansi udindo m'mawa mwake.

Apa m'pomwe padaonekera kuti kunena kuti "ndikuchoka" n'kwa tsiku limodzi, koma kugawana katundu n'kwa zaka. Ankhoswe amadziwa bwino kuti banja likamatha, mlandu wovuta si woti wolakwa ndani, koma woti ana akhala kuti, ngongole alipira ndani, munda ukhala wa yani. Papepala lovotera padali funso limodzi lokha, kutuluka kapena kukhala. Silidafunse kuti tikatuluka tikhale motani ndi anansi athu. Ena mwa ovotera kutuluka ankafuna kusunga msika, ena ankafuna kudula chingwe chilichonse. Theresa May adakambirana pangano lomwe aphungu adalikana katatu mu 2019, nayenso n'kutula pansi udindo. Boris Johnson ndiye adamaliza ntchitoyo, ndipo pangano la malonda lidatheka pa 24 Disembala 2020, kutatsala sabata imodzi kuti malamulo akale athe mphamvu. Britain idavomera kulipira mapaundi oposa 30 biliyoni pa malonjezo omwe idachita ikadali m'kati. M'zaka zonsezo, nzika za maiko a bungwelo zoposa 3 miliyoni zokhala ku Britain, ndi nzika za Britain zoposa 1 miliyoni zokhala kutsidya, zidagona ndi nkhawa posadziwa ngati zidzaloledwa kukhalabe komwe zidamanga moyo wawo.

Nanga zipatso zake n'zotani? Pa malonda, pangano la 2020 lidachotsa msonkho pa katundu wopangidwa mbali ziwirizo, koma lidabweretsa zomwe kudalibe: makalata a kasitomu, ziphaso za madotolo a ziweto pa nyama ndi mkaka, ndi umboni wa komwe katundu wapangidwira. Makampani aakulu adalemba anthu oti azithamanga ndi mapepalawo. Amalonda ang'onoang'ono ambiri adangosiya kugulitsa kutsidya. Mu Januwale 2021 asodzi a ku Scotland adaona nsomba ndi nkhanu zawo zikuonongeka m'malole podikira zikalata. Bungwe loima palokha lounika chuma cha boma la Office for Budget Responsibility likuyerekeza kuti m'kupita kwa nthawi mphamvu ya chuma cha Britain idzakhala yotsika ndi 4 pa 100, ndipo malonda ake ndi maiko akunja adzakhala otsika ndi 15 pa 100, poyerekeza ndi momwe zikadakhalira ikadapanda kutuluka. N'zoona kuti mliri wa Covid-19 ndi nkhondo ya ku Ukraine zidagwa nthawi yomweyo, kotero si bala lililonse lomwe lidachokera ku mpeni umodzi. N'zoonanso kuti chuma sichidagwe chagada monga ena ankaopsezera. Chomwe chidachitika n'chonga nkhokwe yolowa anankafumbwe: siigwa tsiku limodzi, koma chimanga chimapepuka pang'onopang'ono.

Ufulu wopanga mapangano akeake Britain idaupezadi. Idagwirizana ndi Australia ndi New Zealand, idalowa m'gulu la malonda la maiko a m'mbali mwa nyanja ya Pacific mu Disembala 2024, ndipo idasainirana ndi India mu Julayi 2025. Koma boma lenilenilo lidawerengera kuti phindu la pangano la Australia silidzafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a chuma cha dzikolo. Msika wapafupi sulowedwa m'malo ndi msika wakutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa nkhani ya alendo m'pomwe padachitika zodabwitsa. Ochokera ku Ulaya adachepadi, koma zipatala, nyumba zosamalira okalamba ndi masukulu a ukachenjede zidafunabe anthu, ndipo boma lidatsegula makomo ena. M'chaka chothera pakati pa 2023, olowa m'dzikomo adaposa otuluka ndi anthu opitirira 900,000, pafupifupi kuchulukitsa katatu nambala yomwe idakwiyitsa anthu mu 2016. Ambiri adachokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe, ndipo pakati pawo pali abale athu amene adapita kukasamalira okalamba khomo limenelo litatsegulidwa mu Febuluwale 2022. Kenako mphepo idatembenuka: mu Malichi 2024 ogwira ntchito imeneyi adaletsedwa kubweretsa mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 kulemba atsopano kuchokera kunja kudatsekedwa. Chiwerengero chidatsika kwambiri. Apa tiyenera kuvomereza kuti ofuna kutuluka adapeza chimodzi chenicheni: kutsegula ndi kutseka khomo kuli m'manja mwa boma lawo, ndipo akalakwitsa, ovota amadziwa woti amugwire pakhosi. Koma tionenso kuti vuto lomwe ankaloza kwa anansi lidali la m'nyumba momwemo: dziko la okalamba ambiri losowa manja ogwira ntchito.

Bala lowawa kuposa onse lidali ku Ireland. Pachilumba chimenechi pali malire a makilomita pafupifupi 500 pakati pa Northern Ireland, yomwe ili pansi pa Britain, ndi dziko la Ireland, lomwe lili mu European Union. Kwa zaka pafupifupi 30 kudali kuphana pakati pa ofuna kukhalabe ndi Britain, ambiri mwa iwo Achiprotestanti, ndi ofuna Ireland imodzi, ambiri mwa iwo Akatolika, ndipo anthu oposa 3,500 adataya miyoyo. Pangano lomwe lidasainidwa pa Lachisanu Loyera mu 1998 lidatonthoza mfuti, ndipo chimodzi chomwe chidalithandiza kukhazikika n'chakuti mbali zonse zidali mumsika umodzi, kotero malirewo adasanduka mzere wapamapu chabe. Kutuluka kudadzutsa funso lomwe lidagona: zipata za kasitomu ziikidwe pati? Kuziika pamtunda kukadatokosa mabala akale. Adasankha kuti katundu aziunikidwa pochoka ku Britain kupita ku Northern Ireland, ndiye kuti malire m'kati mwa dziko limodzi. Chipani cha DUP chidakwiya n'kunyanyala, ndipo boma la chigawocho lidaima kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Febuluwale 2024, ngakhale pangano la Windsor la mu 2023 lidafewetsako zina. Ochepa mwa ovota a ku England adaganizirapo za anthu amenewa polowa m'kachipinda kovotera.

Chomwe chidatsatira chikutiphunzitsa kanthu. Mu Januwale 2024 Britain idabwereranso m'ndondomeko ya kafukufuku wa sayansi ya Horizon. Mu Meyi 2025 boma la Keir Starmer lidakumana ndi atsogoleri a bungwelo ku London, n'kugwirizana zothandizana pa chitetezo, zoyamba kukambirana zochepetsa ziphaso pa zakudya, komanso zolola maboti a ku Ulaya kuwedzabe m'nyanja za Britain mpaka 2038. Kafukufuku wa bungwe la YouGov kuyambira mu 2022 wakhala akuonetsa kuti oposa theka la ofunsidwa amati kutuluka kudali kulakwitsa. Dziko likhoza kung'amba pangano, koma silingazule nthaka yake n'kukaiika kwina. Pakati pa England ndi France pali madzi a makilomita pafupifupi 34 basi, ndipo mtunda umenewo sudasinthe ndi voti.

Kodi tinene kuti kutuluka mumgwirizano n'kulakwa nthawi zonse? Ayi. Mbiri yathu yomwe ikutitsutsa tikatero. Mu 1953 Nyasaland adaimangirira ku chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland eni nthaka akukana, ndipo makolo athu adalimbana nacho, ena n'kumangidwa, ena n'kuphedwa mu 1959, kufikira chidatha pa 31 Disembala 1963. Palibe amene angati adalakwa. Koma taonani kusiyana kwake. M'chitaganyacho tidalowetsedwa osafunsidwa, mawu athu adalibe kulemera, ndipo padalibe njira yokonzera zinthu tili m'kati. Britain idalowa yokha itapempha katatu, idali ndi mpando pabwalo, ndipo kangapo idapambana pa zomwe inkafuna. Goli ndi pangano zonse zimamanga, koma goli amakuveka, pamene pangano umalowamo ndi dzanja lako.

Choncho mtundu uliwonse woganiza zotuluka uyenera kudzifunsa mafunso angapo usadanyamule katundu. Choyamba, kodi chomwe chikutiwawa chikuchokeradi kwa anansi, kapena atsogoleri athu apeza pobisalira? Migodi ya kumpoto kwa England sidatsekedwe ndi Brussels. Chachiwiri, kodi tikatuluka tikupita kuti, ndipo amene akutiuza kuti tituluke atisonyeza njirayo mwatsatanetsatane? Safunsa adadya phula. Chachitatu, kodi matope a mvula imeneyi adzaponda ndani? Kawirikawiri si olemba pamabasi, koma msodzi, wamalonda wamng'ono, wodwala ndi wokhala pamalire. Chachinayi, kodi n'chilungamo kuti nkhani yomanga ana ndi zidzukulu igamulidwe ndi kusiyana kwa mavoti anayi pa 100, zigawo zathunthu zikukana?

Okonda migwirizano nawo ali ndi phunziro lawo. Gulu lomwe silimva kulira kwa apansi limadzikumbira lokha dzenje. Asilikali atalanda boma ku Niger mu Julayi 2023, ECOWAS idatseka malire, Nigeria idadula magetsi, ndipo padamveka zotumiza ankhondo. Cholinga chidali kuteteza ulamuliro wa anthu osankhidwa, koma ovutika ndi kukwera mtengo kwa chakudya ndi kusowa kwa mankhwala adali anthu wamba, ndipo olanda bomawo adapezerapo mwayi wonena kuti bungwelo ndi mdani. Chikwapu chikapyola, mwana amathawa pakhomo.

Ife a m'dziko lopanda doko nkhaniyi isatipite patali. Malawi ili mu SADC komanso mu COMESA, ndipo mafuta, feteleza ndi mankhwala athu amadutsa ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Achikulire akukumbukira momwe zinthu zidakwerera mtengo m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji, katundu n'kumazungulira ku Durban. Mu 2025, boma lathu litaletsa kulowa kwa zokolola zina zakunja, Tanzania idabwezera mu Epulo potseka khomo la zokolola zathu, ndipo amayi ochita malonda ku Karonga adamva kuwawa kwake sabata yomweyo. Mkanganowo udatha msanga chifukwa mbali ziwirizo zidakhala pansi n'kukambirana. Kuteteza mlimi wathu n'koyenera, ndipo kudandaula pamene pangano likutipsinja ndi ufulu wathu. Koma malo odandaulira ndi pabwalo, ndipo amene wachoka pabwalo mlandu wake umaweruzidwa iye kulibe.

Tsiku lina wandale adzaima pansanja n'kutiuza kuti mavuto athu onse abwera ndi anansi, ndipo mankhwala ake n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo tisadzaombe m'manja msanga. Tidzamufunse nambala zake, tidzamufunse njira yake, tidzamufunse amene adzalipire. Pokambirana m'nyumba zathu, tisalole kuti kusiyana maganizo pa ndale kudule ubale wa magazi monga kudachitira m'mabanja ambiri ku Britain. Ndipo ngati patapezeka chifukwa chokwanira chochokera pagulu lililonse, tichoke mwaulemu, titalipira ngongole zathu ndi kusunga malonjezo athu, pakuti amene tawasiya lero ndi omwewo tidzawapeze panjira ya kudoko mawa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.